Makalata a Omvera: Mzinda wa Zomba ndi Sukulu ya ku Chirunga

Kalata yathu ya lero yachokera kwa bambo wina wa ku Kasungu, ndipo walemba motere:

"Okondedwa aulutsi, mwezi watha ndinaperekeza mwana wa mchemwali wanga amene wasankhidwa kukaphunzira ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Kwathu kuno n'kwachidikha, kotero phiri lija, limene laima chapafupi ngati likusuzumira m'makalasi, linandichititsa kaso kwambiri. Tinakwera mpaka ku Chawe, tinagula mabulosi ndi sitiroberi kwa anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo titaima pa Emperor's View tinaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje chapatali. Kodi sukuluyi inayambira konko chifukwa Zomba linali likulu la dziko? Nanga dzina la Chancellor College linapita kuti?"

Zikomo kwambiri bambo chifukwa cha kalata yanu yokoma. Malo amene munaimawo anapatsidwa dzina la Emperor's View pokumbukira mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, imene inafikapo itabwera kudzacheza m'dziko muno.

Sukuluyi sinayambire ku Zomba ayi. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, chaka chimene dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira, ndipo maphunziro anayamba mu 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre ndi ophunzira 90 okha. Mu 1973 ndi pamene nthambi ya ku Chichiri, pamodzi ndi sukulu ya aphunzitsi ya Soche Hill komanso ya zautsogoleri wa ntchito za boma ya ku Mpemba, zinasamukira ku Chirunga n'kukhala koleji imodzi yotchedwa Chancellor College, pomwe Polytechnic inatsala ku Blantyre ndipo Bunda inatsala ku Lilongwe.

Chimene ine chimandisangalatsa n'chakuti ophunzira anafika ku Zomba boma likumanga kale katundu, pakuti mu 1975 likulu linasamukira ku Lilongwe, ngakhale kuti aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka cha m'ma 1994. M'kuona kwanga, mzindawu ukanazizira kwambiri pakanapanda sukuluyi, chifukwa eni nyumba zalendi ku Chikanda ndi ku Matawale, amayi ogulitsa ndiwo pamsika ndiponso anyamata akabaza amadya nawo za ophunzirawo, ndipo sukulu ikatsekera onsewa amadandaula kuti malonda afa.

Kunena za dzina, mu 2021 boma linagawa yunivesiteyi. Polytechnic inasanduka yunivesite ya zamalonda ndi sayansi ya MUBAS, makoleji a madokotala ndi anamwino anaphatikizana n'kukhala yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, pamene Bunda inali itachoka kale n'kukhala mbali ya yunivesite ya zaulimi ya LUANAR. Koleji ya ku Chirunga ndi imene inatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malawi, ndiye dzina la Chancellor College linachoka m'makalata a boma, koma mukafunsa njira kwa munthu aliyense pa depoti ya Zomba, adzakulozerani ku Chanco basi.