Makalata a Omvera: Kodi Munthu ndi Bwana wa Chilengedwe?

Takulandirani, omvera athu. Kalata yoyamba lero yachokera kwa bambo ena omwe apempha kuti tisawatchule dzina. Akuti: "Bambo muulutsi, pa Genesis 1:28 Mulungu anauza anthu kuti agonjetse dziko, alamulire nsomba, mbalame ndi zamoyo zonse. Nanga abusa akutidzudzuliranji tikamadula mitengo? Ufumuwu sanatipatse yekha kodi?"

Zikomo bambo. Vesi limeneli lakhala likuutsa mapiri pachigwa. Mu 1967 katswiri wa mbiri yakale, Lynn White, analemba kuti Chikhristu cha ku Ulaya chili ndi mlandu waukulu pa kuwonongeka kwa chilengedwe, poti chinazoloweretsa munthu kudziyesa mwini zonse. Ambiri zinawawawa, komabe zinawabwezera ku Baibulo. Inunso pitirirani pang'ono, mufike pa Genesis 2:15. Munthu yemwe uja akuikidwa m'munda wa Edene kuti aulime ndi kuusamala. Pa Levitiko 25 nthaka nayo ikulamulidwa kugonera chaka cha 7 chilichonse, Mulungu n'kunenetsa kuti dzikolo ndi lake, Aisraeli ndi alendo chabe. Apa m'pamene pachokera chiphunzitso chakuti munthu ndi kapitawo, ndipo tsiku lina mwini munda adzamufunsa. Asilamu nawo amati munthu ndi khalifa, woikizidwa dziko ndi Mlengi.

Koma ndiulule, kwa ine ukapitawo wokha sukwanira. Kapitawo amayang'anira katundu, ndipo iye ndi katunduyo palibe ubale. Pamene munthu anaumbidwa ndi dothi lomwe amapondali. M'Chiheberi dzina la Adamu ndi liwu lakuti adamah, kutanthauza nthaka, n'zapachibale. Pangano la utawaleza lija, pa Genesis 9, Mulungu sanapangane ndi Nowa yekha ayi, anaphatikizamo zamoyo zonse zotuluka m'chingalawa. Francis Woyera wa ku Assisi, ku Italy, anazimvetsa izi, n'chifukwa chake m'nyimbo yake yotamanda Mulungu dzuwa ankalitcha mchimwene, mwezi ndi madzi alongo ake. Chodabwitsa n'chakuti White yemwe uja ndiye anati Francis akhale nkhoswe ya osamala chilengedwe, ndipo mu 1979 Papa John Paul II anachitadi zimenezo. Kalata ya Papa Francis ya mu 2015, Laudato Si', inatenga mutu wake pa nyimbo ya woyera ameneyu. Tsono bambo, mtengo dulani pakafunika, koma muziudula ngati munthu amene akupempha thandizo kwa m'bale wake.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi. Mayi ena akuti: "2 Petro 3:10 akunena kuti dzikoli lidzapsa. Ndivutikirenji kuzira nyumba yoti igwa?"

Mayi, thupi lanulo nalonso lidzabwerera kufumbi, koma m'mawa uno mwasamba, ndipo mukadwala mumathamangira kuchipatala. Onaninso Aroma 8:21, pomwe Paulo akuti chilengedwe nachonso chidzamasulidwa ku ukapolo wa chivundi. Werengani mavesi awiriwa pamodzi, kenaka mutilemberenso. Pakadali pano tiyeni timve kanyimbo.