Mankhwala akalowa mumtsempha sabwerera

Anamwino anzanga, kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Nkhani ya sabata yathayi nonse mwaimva kale, dzina sinditchula chifukwa sitinabwere kudzaweruza mnzathu. Mwana uja amayenera kulandira mankhwala okwana 0.5 ml koma pafayilo panalembedwa .5 popanda ziro kutsogolo, kadontho kaja sikamaoneka bwino, ndiye anamubaya 5 ml. Kuchulukitsa kakhumi! Mwayi wake wina anaona msanga kuti kapumidwe kasintha, pano ali bwino. Koma anzanga, mankhwala akalowa mumtsempha sabwerera, simungawakokenso ndi sirinji ayi.

Vutoli si lathu tokha, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachita kuyambitsa kampeni mu 2017 yofuna kuchepetsa ndi theka kuvulala kwa odwala kobwera chifukwa cholakwitsa mankhwala. Ndiye tiyambe ndi kalembedwe. Lembani 0.5 osati .5, ndipo 5 ingolembani 5, mukalemba 5.0 mnzanu wa usiku maso atatopa awerenga 50. Insulin nayenso, mankhwala aja otsitsa shuga, ena mumalemba 10U, U ujayo akapendekeka pang'ono amaoneka ngati ziro, 10 yasanduka 100 basi, shuga watsikiratu munthu wakomoka. Lembani mawu onse, units. Mwana timayamba tamuika pasikelo, paracetamol ndi 15 mg pa kilo iliyonse, osati kungomuyang'ana n'kumati ameneyu akwana makilo 12. Ena mumatero, ndimakuonani, siyani zimenezo chonde.

Mu wodi ina munagona amayi awiri a dzina la bambo limodzi, mabedi oyandikana. Ukaitana onse amayankha. Munthu akudwala, ululu wamugwira, mukamufunsa kuti "ndinu mayi uje eti?" angovomera kuti ee ngakhale sanamve bwino. Mufunseni kuti "dzina lanu ndani mayi?" atchule yekha, inu maso ali pafayilo.

(Namwino wina akufunsa: nanga dozi ikakhala yokayikitsa koma adokotala amakwiya tikawafunsa?)

Asisita mwafunsa zenizeni. Akwiye, palibe kanthu, mkwiyo umatha koma mankhwala akalowa mumtsempha sabwerera. Wobaya ndi inu, siginecha yomwe ili pamenepo ndi yanu. Komanso kafunsidwe kamathandiza, musapite ndi mawu oti mwalakwitsa, ingonenani kuti "adokotala, mwanayu ndi wa makilo 8, dozi iyi ndikawerengera ikundichulukira, tandithandizani tionere limodzi", ambiri amakonza pompo ena mpaka kuthokoza. Akapanda kupezeka imbani foni, funsani a ku famase kapena wamkulu wa shifiti, koma osabaya mukukayika. Makamaka mankhwala oopsa aja. Potassium chloride wosasungunula mukamukankha mumtsempha mtima umaima nthawi yomweyo, ameneyu amayenda mu dripi, wosakanizidwa bwino, pang'onopang'ono. Magnesium sulphate, uja woletsa kukomoka kwa mayi woyembekezera, musanabwereze dozi gogodani bondo muone ngati mwendo ukudumpha, werengani mpweya usatsike pansi pa 16 pa mphindi, mkodzo uzifika 30 ml pa ola, ndipo calcium gluconate, wothetsa mphamvu ya magnesium akachuluka, akhale pafupi. Amenewa muziona awiri, wina awerenge mokweza wina atsimikize.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana mafoni, ndithamange. Wodwala wake ndi yemweyo? Mankhwala ake ndi omwewo? Dozi, njira yake kaya kumwa kaya jakisoni, ndi nthawi yake. Werengani botolo potenga, pokoka, ndi pobweza, onani tsiku lotha ntchito. Funsani ngati mankhwala ena amamuwenga makamaka penicillin, adrenaline wopulumutsira munthu akawengedwa akhale pa thireyi. Sirinji yopanda chizindikiro tayani, yokoka mnzanu inu musabaye. Sainani mukapereka osati musanapereke. Chikalakwika nenani msanga tipulumutse munthu, chifukwa akalowa sabwerera.

A shifiti ya usiku tsalani kaye tikaone kabati ya mankhwala ija, potassium achoke pafupi ndi madzi a jakisoni lero lomwe.