Makalata a omvera: Wovulala wachira, nanga mphindi zake tizitenga kwa yani?

Takulandiraninso omvera nonse kuno ku Mzuzu. Monire mose a ku Katoto, ku Chibavi, ku Luwinga mpaka uko ku Ekwendeni. Kunjaku kamvula kaja kayambanso kuwaza, ndiye amene muli pa kabaza gwirani zolimba. Lero makalata apendekera ku basketball, ndipo olemba ake, ngakhale sakudziwana, akulira maliro amodzi. Ndiyambe ndi yaitaliyi, yolembedwa pa pepala long'amba m'kope.

"Zikomo achimwene a pa wailesi. Ine ndine kochi wa timu ya anyamata kuno ku Chibavi, dzina musatchule. Mnyamata wanga wamtali kuposa onse, amene amaima pansi pa ringi, anathyoka mwendo cha m'kakolo ndipo anakhala nthawi ndithu ali ndi chikhakha. M'malo mwake ndinaika kamnyamata ka Fomu 3 kamene kale kankangotinyamulira madzi. Kandidabwitsa. N'kakafupi koma kaliwiro, moti timu yonse tsopano ikusewera mothamanga ndipo tikupambana. Pano wamtali uja wachira, wabwera ku tireningi, akuti malo ake ndi ake. Anyamata agawanika pawiri. Ndichite bwanji?"

A kochi, walira mvula walira matope. Miyezi yonseyi munkapemphera kuti mnyamatayo achire, ndiye wachiratu.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa nkhani imeneyi anthu amaikamba ndi mtima pamene ili yowerengera. Pa malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, amene timatsata kuno kwathu, masewero amakhala ndi zigawo 4 za mphindi 10. Zonse pamodzi 40. M'bwalo mumalowa osewera 5 mbali iliyonse. Chulukitsani 40 ndi 5, mupeza 200. Nsima yanu ndi imeneyo, mitanda 200, ndipo mphikawo sukula chifukwa choti kwabwera mlendo. Ku NBA, ligi yaikulu ya ku America, zigawo zawo n'za mphindi 12, ndiye iwo amagawa 240, koma vuto lake n'lomweli. Mukati wamtaliyo asewere mphindi 25, ndiye kuti mitanda 25 yachoka m'mbale za anthu ena.

Apa ndi pamene makochi ambiri amaphonya. Maso onse amakhala pa awiri okanganawo, wamtali ndi wa Fomu 3. Koma kamnyamatako sikafa ndi njala, kachoka pa 30 n'kufika mwina pa 20. Amene alire zenizeni ndi wachisanu n'chitatu ndi wachisanu n'chinayi pa mndandanda wanu, aja ankalawako mphindi 6 kapena 7 pamene mnzawo anali pa ndodo. Amenewo abwerera pa ziro, ndipo palibe amene awafunse kuti mwadzuka bwanji. Muwakumbukire, chifukwa tsiku limene wina adzatuluke ndi mafaulo ndi omwewo mudzawatembenukire.

Tsono maganizo anga ndi awa. Wamtaliyo asayambe. Aziyambira pa benchi, azilowa mphindi 3 kapena 4 n'kutuluka, kenako n'kubwereranso, zonse pamodzi zisapitirire 12 kapena 15 m'masewero oyambirira. Si chilango ayi. Fupa limalumikizana msanga kuposa mmene mpweya umabwerera. Munthu amene wakhala miyezi osathamanga, mphindi zisanu zokha amakhala atagwira m'mawondo. Ndipo miyendo ikachedwa, manja ndi amene amagwira ntchito: amakankha, amakoka jezi, amamenya dzanja la mnzake. Refa sagona. Pa malamulo athu mafaulo 5 watuluka basi, ndiye mukhoza kumuyambitsa mwaulemu wake n'kupezeka kuti chigawo chachitatu chisanathe wakhala kale pansi. Onjezeraninso kuti mabwalo athu ambiri ndi a simenti, apanja, ndipo kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa. Kakolo amene wangochoka m'chikhakha simenti samukomera mtima.

Mudziwa Klay Thompson, amene ankasewera mu timu ya Golden State Warriors ku NBA. Anaduka mtsempha wa m'bondo, umene madokotala amautcha ACL, mu fainolo ya 2019 akusewera ndi Toronto Raptors. Ali pafupi kubwerera, mu Novembala 2020, mtsempha wa kuseri kwa chidendene cha mwendo winawo unadukanso. Anakhala masiku 941 osasewera. Atabwerera pa 9 Januwale 2022 kukumana ndi Cleveland Cavaliers, kochi wake Steve Kerr anamuyambitsa, inde, sindikubisirani, koma anangomupatsa mphindi 20, mmene anagoletsa mapointi 17. Ndipo masewero akagundana masiku awiri otsatizana, tsiku limodzi ankapuma. Ameneyo ali ndi madokotala omuyang'anira usana ndi usiku. Nanga wanu wa ku Chibavi, amene mankhwala ake ndi madzi otentha ndi kansalu?

Chinanso, ndani wakuuzani kuti awiriwo sangasewere limodzi? Yesani ku tireningi. Wamtali atole mpira ukagunda ringi, aponye patali, kaliwiro kaja kakhale katafika kale kutsidya. Zikakanika mwaona nokha, zikatheka mwapeza chida chimene matimu ena mu Nozobal, ligi yathu ya basketball kuno kumpoto, sanakonzekere. Koma zonsezi muwauze Lachitatu kapena Lachinayi, aliyense payekha. Mnyamata asadzamvere pa bwalo Loweruka, chibwenzi chake chili pompo, kuti lero sayamba.

Tipite kwina. Uthenga uwu wabwera pa WhatsApp kuchokera kwa mayi a ku Luwinga.

"Mwana wanga wamkazi anavulala bondo mwezi watha. Kutupa kwachepa koma akamatsika masitepe akuti bondo likumuthawa. A kochi ake akuti Loweruka kuli masewero ofunika, angomanga bandeji alowe. Ine mtima sukundilola. Kodi ndikulakwitsa?"

Mayi, simukulakwitsa, ndipo apa sinditalikitsa. Bondo lothawa si la bandeji. Mawu amenewo, akuti likumuthawa, ndi amene madokotala amatchera khutu kwambiri, chifukwa nthawi zambiri amaloza ku mtsempha wa m'kati. Ine si dokotala, ndine wa pa wailesi chabe, ndiye mupite naye ku chipatala akamuone a fiziyo, ndipo chimene anene iwowo ndicho chikhale lamulo. Kochi alibe mawu pamenepo.

Mukawafotokozere a kochiwo za Kevin Durant, amene nayenso ankasewera mu Golden State Warriors. Mu Meyi 2019 anavulala katumba wa mwendo, nakhala kunja mwezi wathunthu. Timu yake ili pa mpanipani mu fainolo, anabwerera pa 10 Juni ku Toronto. Anasewera mphindi 12, nagoletsa mapointi 11, kenako mtsempha wa kuseri kwa chidendene cha mwendo womwewo unaduka. Chaka chonse chotsatira sanaponde m'bwalo. Masewero ofunika amabwera Loweruka lililonse, mayi, koma mawondo a mwana wanu ndi awiri omwewo, ndipo adzawafuna pokwera chitunda cha ku Masasa ali ndi zaka 50.

Kalata yachitatu, ya mnyamata wa ku Zolozolo. Iyi yalembedwa ndi mkwiyo, mpaka cholembera chaboola pepala.

"Akulu, ine ndasewera miyezi iwiri yonse pamene kapiteni wathu anali wovulala. Sindinajombepo ku tireningi, ndimayenda wapansi kuchoka ku Zolozolo. Kapiteni wangobwera, ine ndabwerera pa benchi ngati sindinachitepo kanthu. Uku si kukondera? Ndikufuna kusiya."

Mphwanga, kupweteka kwake ndikukumva, ndipo sindikunamiza kuti n'zachilungamo kotheratu. Mwina kochi wako anayenera kukuitanira pambali n'kukuuza bwinobwino. Koma za kusiyazo ayi.

Nkhani ya Klay Thompson ija ili ndi mbali ina imene ndakusungira iweyo. Pamene iye anali kunja, amene ankayamba m'malo mwake anali mnyamata wotchedwa Jordan Poole. Thompson atabwerera, Poole anakankhidwira pa benchi, ndendende ngati iwe. Patangopita miyezi iwiri, mu Malichi, Stephen Curry, katswiri wa timu yomweyo, anavulala phazi, ndipo khomo linatsegukanso. Masewero a ndime yochotsana atayamba mu Epulo, akukumana ndi Denver Nuggets, Poole ndi amene anayamba, nagoletsa mapointi 30 tsiku loyamba. Nanga Curry, munthu woti anasankhidwapo kawiri kukhala wosewera wopambana onse mu NBA? Atachira anavomera kuyambira pa benchi masewero anayi otsatizana. Mwa amenewo, ena anagoletsa 34 m'mphindi 23 zokha. Mu Juni chaka chomwecho timuyo inatenga chikho itagonjetsa Boston Celtics.

Ndiye uwauze a kapiteni ako kuti benchi siluma. Ndipo iweyo usamawerenge kuti wayamba ndani. Uziyang'ana kuti mphindi 5 zomaliza, zigoli zikusiyana ndi 2, kochi akudalira ndani. Pita ukamufunse mwaulemu kuti, a kochi, ndikonze chiyani kuti ndizimaliza nawo masewero? Akakuyankha zomveka, gwira ntchito. Akakuyankha zachipongwe, ulembenso, tidzakambirana zina.

Kakalata komaliza n'kochokera kwa madala ena a ku Chiputula, akuti iwo ndi a mpira wamiyendo kuyambira kale.

"Ine zimandizunguza mutu. Munthu watuluka, ndamuona ndi maso anga wakhala pansi, kenaka uyo walowanso. Ndi malamulo amenewo kapena ana akungobera?"

Ha, madala, sakubera ayi! Ku mpira wanu uja, ukatuluka watuluka, ukavale jekete. Ku basketball timu imalembetsa osewera mpaka 12, ndipo kochi akhoza kusintha kangati konse mpira ukaima, munthu yemweyo kutuluka n'kulowanso, bola asakwanitse mafaulo 5 aja. N'chifukwa chake wochira kumene savuta kumulowetsa pang'onopang'ono, kusiyana ndi kwanu kumene kochi amaopa kuwononga sabu pa munthu woti mwina apempha kutuluka pakatha mphindi khumi. Loweruka likubwerali mupite ku Katoto mukaonere, mukakhale pafupi ndi tebulo la olemba zigoli. Mukaona osewera akubwera pamenepo kudzapempha kulowa. Mutenge ambulera.

Nthawi yatithera. A kochi a ku Chibavi, mudzatilemberenso mukawayesa awiri aja limodzi, ndikufuna ndimve ngati wamtaliyo mpira wautali uja amautha kuponya.