Madzi akasefukira ambulansi sifika msanga: zomwe alangizi a zaumoyo anauza anthu kwa Kachindamoto

Zikomo a gulupu, mafumu nonse, nduna, amayi ndi abambo. Achinyamata mwakhala kumbuyo uko sunthirani pafupi, mawu anga ndi ochepa sinditha kukuwa. Ndapempha a gulupu kuti atisonkhanitse chifukwa cha zija zinachitika sabata yatha kutsidya kwa mtsinje, ambiri mwamva kale, ena mwamva zowonjezera ndiye bola ndinene ndekha. Mwana wa zaka 3 anayamba kutsegula m'mimba madzulo, mtsinje utadzadza, njira yakuchipatala itatsekeka. Makolo anati tidikire kuche madzi aphwe. Anamugoneka osamupatsa kanthu usiku wonse poopa kuti akamwa atsegulanso. Kutacha ndi pomwe anamunyamula, pofika kuchipatala maso atalowa, thupi lili lendee, anamwino anachita kuvutika kuti apeze mtsempha woikapo diripi. Mwanayo ali moyo, tithokoze Mulungu, koma anatsala pang'ono. Dzina sinditchula, ndipo wina asakaloze chala makolowo chifukwa anachita zomwe ambiri a inu mukanachita.

Ndiye mawu anga lero ndi amodzi, ndiwabwereza mpaka mutope nawo. Munthu akangoyamba kutsegula m'mimba, yambani kumumwetsa pompo. Musadikire kuche, musadikire madzi aphwe, musadikire ambulansi.

Inu mukudziwa kuti kuno kunsi kwa mapiri madzi otivutitsa nthawi zambiri si a mvula yathu ayi. Imagwa kumtunda uko ku Bembeke, ku Dedza, ife kuno dzuwa lili phwee tayanika ndi ufa, kenako usiku kungomva mkokomo, Namikokwe wadzadza, Nadzipulu wadzadza, Livulezi nayenso. Galimoto yochokera ku boma iyenera kutsika Khwekhwelele, ikafika pa msewu waukulu wa M5 ipeze kuti milatho ili bwino, kenako ipatuke kulowa m'misewu yathu yamatopeyi. Thandizo limabwera ndithu, sindikunyoza. A DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amabwera, a khonsolo, a Red Cross, akuchipatala amabwera ndi mankhwala kudzaonera anthu pamisasa pomwepo. Koma amayamba alandira lipoti, apeze mafuta, aone njira, ndipo amayambira komwe kuli anthu ambiri ovutika. Kumbukirani namondwe Freddy mu Malichi 2023, kuja ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu. Anthu oposa 600 anamwalira, ena ambiri sanapezeke, oposa 500,000 anasowa pokhala, ndipo madera ena thandizo linkafika pa helikopita patadutsa masiku chifukwa misewu inaduka. Masiku oyamba amenewo dotolo ndi inuyo, namwino ndi inuyo.

Nanga kutsegula m'mimba kumachulukiranji madzi akasefukira? Taganizani zimbudzi zathu. Madzi akalowa m'mudzi chimbudzi chimadzadza, china chimagwa, zonse za m'dzenje zimayandama kusakanikirana ndi ndowe za ng'ombe ndi mbuzi, nkukalowa m'chitsime chija mumati madzi ake ndi okoma. Ngakhale mjigo, ukamizidwa musaukhulupirire mpaka titauthira mankhwala. Madzi akhoza kuoneka oyera mbee koma muli tizilombo. Kolera uja anayamba ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe Ana ndi Gombe, anafika maboma onse ndipo anapha anthu oposa 1,700. Ena a inu munaika maliro nthawi imeneyo, sindikukuuzani zachilendo. Kolera ikagwira munthu wamkulu wamphamvu zake m'mawa, chimbudzi chikutuluka chamadzi ngati otsukira mpunga, pofika madzulo akhoza kukhala atapita. Chimamupha n'chiyani? Kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Ndi chifukwa chake ndikuti mumwetseni, mumwetseni pompo.

Tsopano chomumwetsacho. Thanzi ORS nonse mumamudziwa, kapaketi kamodzi mumasungunula mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Lita imodzi ndi mabotolo awiri aja a theka la lita amadzi ogula, otsuka bwino. Osati kuthira theka la paketi mu kapu kuti ena musunge, ayi, muyezo ukasokonekera mankhwalawo sagwira bwino. Ngati paketi palibe, ndipo ndikudziwa nthawi yamvula zimasowa, tengani lita imodzi yomweyo, shuga timasupuni 6 tating'ono ta tiyi tosasefukira, mchere theka la kasupuni. Theka, amayi, osati dzanja lanu lothirira ndiwo lija. Mulawe, asawawe mchere kuposa misozi. Zikatsala mpaka tsiku lathunthu, tayani mupange zina.

(Agogo ena aakazi akweza dzanja: Alangizi, ife kale anatiphunzitsa kuti mwana akamatsegula umuleke kaye m'mimba muume. Nanga ukamupatsa madzi amangosanza, kutsegula nkuwonjezeka. Ndiye timwetse bwanji chinthu chongotuluka?)

Zikomo agogo, mwachita bwino kufunsa, ndipo amene mukusekanu ndi funso lanu lomwe, mumangoopa kulinena. Agogo, zomwe mwaonazo ndi zoona. Mwana ukamumwetsa amatsegulabe, mwina amasanza. Koma taganizani ndowa yobooka yomwe mukufuna isaume, mumasiya kuthiramo madzi chifukwa ikudontha? Mukasiya ndiye iuma msanga. Mwana mukamumana madzi kutsegula kumaoneka ngati kwachepa, eya, koma kwachepa chifukwa m'thupi mwatha madzi, si kuchira kumeneko ayi. Zikatero mumaona maso alowa, mkamwa mwauma, akalira misozi osatuluka, mkodzo wasiya, mukatsina khungu la pamimba limakhala choncho osabwerera msanga. Kwa wakhanda liwombo limalowa. Ndipo apa agogo mundikhululukire, ndikudziwa ndinu akatswiri a mankhwala a liwombo, koma liwombo likalowa mwana akutsegula, vuto silili pamutupo. Ndi madzi atha m'thupi. Mukhoza kumata zomata zonse, silidzuka mpaka mwanayo amwe.

Za kusanzazo, njira yake ilipo. Akasanza dikirani mphindi 10, kenako yambaninso koma pang'onopang'ono, ndi kasupuni, kamodzi, mupume pang'ono, kenanso. Osati kumupendeketsa mutu nkumukhuthulira kapu yonse. Ngakhale asanze, ena amatsalira m'thupi, ndipo otsalirawo ndi amene amamusunga. Ndi ntchito yotopetsa agogo, ndi yochezera usiku wonse, muzilandizana, abambo nanunso gwirani supuni sikuti ndi ntchito ya amayi okha. Mwana wosakwana zaka 2 mumupatse kotala kapena theka la kapu akangotsegula, wokulirapo theka kapena kapu yodzadza, wamkulu amwe mmene angathere. Woyamwa apitirize kuyamwa, bere musamuletse. Akafuna phala mupatseni.

Mwina mukuti shuga ndi mchere zingachize bwanji munthu. Shugayo ndi amene amathandiza matumbo kukoka mchere, ndipo mchere ukalowa madzi amatsatira, ndi chifukwa chake madzi okha sakwanira kwa wotsegula kwambiri. Nzeru imeneyi inaoneka mphamvu yake mu 1971, anthu othawa nkhondo ku Bangladesh atadzadzana m'misasa ku India nthawi ya mvula yawo yaikulu ija, kolera nkubuka, madiripi nkuperewera. Dotolo wina dzina lake Dilip Mahalanabis anayamba kusungunula shuga ndi mchere m'migolo, achibale a odwala nkumamwetsa okha abale awo ndi makapu. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu 30 mwa 100 alionse kufika pochepera 4. Amene ankamwetsawo sanali anamwino agogo, anali anthu ngati inu nomwe.

Koma mumve bwino, sindikuti mukhale pakhomo. Kumwetsa ndi kogulira nthawi kuti mukafike kuchipatala munthu akadali ndi mphamvu. Nyamukani akumwa, botolo m'manja, pa kabaza akumwa, pa machila akumwa. Ngati wakomoka kapena sakutha kumeza musamukakamize angatsamwe, ameneyo ndi wa diripi, thamangani naye ku Mua, ku Mtakataka, ku Golomoti, kulikonse komwe njira yatseguka. Ndipo chonde siyani khalidwe lothamangira ku golosale kukagula Flagyl ndi makapisozi awiri, mwana nkumumwetsa theka. Mumataya ndalama ndi nthawi, madzi m'thupi akutha. Mwana wosakwana zaka 5 bwerani naye kwa ine ku kiliniki ya m'mudzi, ndimupatse ORS ndi zinki, zinkiyo amwe masiku 10 onse ngakhale aoneke kuti wachira, osasungira mng'ono wake.

Agogo ndakuyankhani? Eya, zikomo. Mukawauzenso anzanu amene sanabwere.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana kumwamba, mitambo ija yayamba kuda, ndiye zotsalazi ndithamanga. Madzi akumwa: WaterGuard kachivindikiro kamodzi mu ndowa ya malita 20, akakhala amatope yambani mwasefa pa nsalu yoyera muthire tiwiri, mudikire mphindi 30. Kulolini amene ndabweretsayu muyezo wake ndikuonetsani pogawa. Abambo ena mumati amanunkha, ena mpaka mumati amafooketsa m'nyumba, bodza limenelo, a m'tauni amamwa madzi a kulolini tsiku ndi tsiku ana akubadwa. Mankhwala akasowa wiritsani madzi mpaka abwadamuke. Sungani mu chigubu chotseka, osati aliyense kuviika kapu ndi dzanja lomwe. Mpondagiya pakhomo la chimbudzi, sopo akasowa phulusa lilipo. Chimbudzi chikagwa kumbani kadzenje mukwirire, osapita kumtsinje. Kusamba m'manja m'beseni limodzi pa nsima, ayi, thiranani. Maliro a munthu amene tikukayikira kolera musasambitse nokha, tiitaneni, ndipo pamenepo pasaphikidwe.

Amayi oyembekezera amene mwalowa mwezi wa 9, pitani kuchidikiro pano njira ikadalipo. Matenda a uchembere sadikira mtsinje, ndipo kuwoloka ndi mayi pa machila usiku tonse tinaziona, si zabwino. Apongozi ndi amuna awo mumve, za kumunda zisakhale chifukwa. Amene mumamwa ma ARV, a TB, a BP, a shuga, a khunyu, onani mankhwala anu atsala a masiku angati, mukatenge ena asanathe, muwamange mu jumbo limodzi ndi kabuku ka kuchipatala muike pamwamba pomwe mungatenge ngakhale mumdima. Pothawa madzi anthu mumakumbuka nkhuku nkuiwala mankhwala.

Malungo amabwera madzi akayamba kuphwa, m'zithaphwi muja udzudzu ukaswana. Neti ija munalandira ndi yogonamo, ndikaiona ili kudimba yatchinga tomato kapena kunyanja ikukokera usipa ndidzakutchulani pamsonkhano. Pothawira kusukulu kapena kutchalitchi itengeni. Mwana akatentha thupi bwerani timuyeze, mankhwala a malungo a LA timapereka tikayeza. Njoka nazo zimathawa madzi kulowa m'nyumba ndi m'nkhuni, wina akalumidwa musacheke, musayamwe, musamange chingwe cholimba, musamuyendetse, munyamuleni. Bala lililonse lochekeka m'matope tsukani ndi madzi otetezedwa ndi sopo mubwere nalo, kafumbata amalowera pamenepo. Ana musawalole kusewera m'zithaphwi, likodzo kuno ndi lambiri kale. Achinyamata inu okonda kuonetsa mphamvu, madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, ndipo amene wamwa asayandikire n'komwe. Amene muli ndi foni, Chipatala cha pa Foni ndi 929, simulipira, amakulangizani zochita muli pakhomo. Muzitchaja mafoni kukawala.

Ndipo munthu akangoyamba kutsegula mutani? Sindikumva, kumbuyo uko. Eya, kumumwetsa pompo, nkunyamuka akumwa.

A komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi mutsale pang'ono, ndikufuna mayina a amayi onse oyembekezera, okalamba okhala okha, olumala ndi amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, nyumba ndi nyumba, kuti madzi akabwera tidziwe woyamba kumunyamula, ndipo tigwirizane machila akhala kwa ndani. Ena nonse imani pamzere apa ndi mabotolo anu, nyumba imodzi munthu mmodzi, amene wabwera ndi botolo la mafuta ophikira losatsuka abwerere akatsuke kaye. A gulupu, zikomo, ndabweza kwa inu.