Masiku atatu m'chipinda, ine ndi flash ya mjomba

Moni moni abale anga, kaya muli mu taxi, kaya muli kukhitchini kwa abwana mwabisa earphone m'duku, kaya muli kumudzi mukungofuna kumva kuti matchona akuti chani lero, takulandirani nonse. Mawuwa akamamveka osasa mundikhululukire, ndakhala masiku atatu osaona dzuwa, kungodya buledi ndi tiyi wopanda mkaka basi.

Amene muli mbali ya Rosettenville kuno ku Joni mwamva kale za Loweruka. Ine ndinali pampope panja ndikutsuka mano, ndinangomva mayi uja wogulitsa tomato pakona wakuwa kamodzi kokha, kamodzi basi, street yonse yamva. Ma van awiri a apolisi ogwira alendo opanda mapepala kumtunda, ina kumunsi. Ndinalowa m'nyumba mswachi uli mkamwa, kukiya, kuzimitsa wailesi, nkukhala pansi kuseri kwa bedi mtima uli phaphapha. Pasipoti yanga inu mukuidziwa mmene ilili, sitikambanso. Mjomba wathu wa ku Mangochi, telala wa chipinda choyandikana nane, iye anali atapita kukagula buledi ali ndi ma slippers kuphazi. Sanabwerere.

Ndiye chomwe chikundiwawa nchakuti Lachisanu usiku, usiku womwewo, anandibwereka flash yake. Akuti achimwene muonereko, muli zinthu umu. Flash yakuda yomangirira kansalu ka chitenje kuti isasowe. Ndiye poti panja sikumatulukika, ndinangoibaya pa laputopu yakale ija abwana anataya ine nkutola, ndayamba kuonera. Masiku atatu, filimu pamwamba pa filimu. Lero ndiye nkhani yake ndi imeneyo, za ma permit tidzakamba tsiku lina.

Mjombayu sasankha aise. Mu flash muli za karate, za chi India, za ku Nigeria, zoopsa, zachikondi, zonse mbwee mufoda imodzi yolembedwa kuti ZANGA. Ndinayamba ndi Commando, ija ya Schwarzenegger ya 1985, koma yomasulira m'Chichewa. Eee! Abale inu, amene amamasulira mafilimu kwathu aja apatsidwe ulemu. Mzungu wangotsegula pakamwa pang'ono, womasulira walankhula kale ziganizo zitatu, watukwana, wapereka moni kwa anzake a kumsika, wauzanso anthu kuti uyu afa posachedwapa musamuzolowere. Ndinaseka nditatseka pakamwa ndi pilo kuopa kuti a panja angamve. Munthu mmodzi kupha gulu lonse la asilikali, chipolopolo osamukhudza olo chimodzi, wanyamula chimtengo paphewa ngati nzimbe. Bodza lenileni koma lokoma. Zinandikumbutsa video show ya pa trading kwathu, mabenchi a slabu, jenereta ikulira kuseri, chikwangwani cholemba ndi choko panja, ife ana opanda ndalama tikusuzumira pabowo la chiguduli mpaka mwini wake kutithira madzi.

Zoopsa zija ndinayesa imodzi, mphindi 20 ndazimitsa. Osati mantha ayi, musandiseke, ine ndinakulira kufupi ndi manda. Koma zimandinyansa. Banja lagula nyumba, usiku woyamba chitseko chikutseguka chokha, mwana akulankhula ndi khoma, bambo nkumati tiyeni tione kaye mmene zikhalire. Muone chani? Kwathu tambala asanalire katundu ali kale pangolo, agogo apita kale kukaitana munthu wodziwa. Komanso kunena zoona, munthu amene wamva nsapato zikuyenda pakhonde akugogoda chitseko ndi chitseko, chiwanda cha pa laputopu chingamuuze chani.

Ya chi India ndinaonera Lamlungu masana, maola atatu athunthu, mnyamata wamenyedwa mpaka magazi kenako wadzuka akuvina paphiri ndi anthu 100 ovala zofanana, kaya anachokera kuti. Ndinagona pakati, podzuka ndinapeza akadavinabe. Titanic ndinaidumpha, ndinaionera kale kokwana ndipo maganizo anga sanasinthe, pathabwa paja akanasunthirana.

Koma imene yandipangitsa kuti ndiyatse maikiyi lero ndi District 9. Ya 2009, anajambula konkuno ku Johannesburg, wotsogolera wake Neill Blomkamp ndi mwana wa konkuno. Ndinaionerapo kalekale ndili kumudzi, nthawi imeneyo ndinkangoona mfuti ndi zilombo basi, kuombera m'manja mutu wa munthu ukaphulika. Ulendo uno ndaionera nditakhala pansi, katani yotseka, volume pa 5. Abale, ndi filimu ina.

Kwa amene simunaione, chombo chachikulu chaima mumlengalenga pamwamba pa Joni, mkati muli zolengedwa zochokera kwina, zodwala, zanjala. Azitsitsa nkuziika mumkuku wa malata wozunguliridwa ndi waya, zakhala mmenemo zaka zoposa 20. Anthu sazitchula dzina lake, amangoti ma prawn. Ndiye pali mkulu wina wa muofesi dzina lake Wikus, kajuzi kopanda manja, kumwetulira, fayilo m'manja, akuyenda khomo ndi khomo kugogoda kuti sainani apa tikusamutseni. Pamene anagogoda pachitseko cha malata paja ine ndinaimitsa filimu, ndinapita kukasuzumira pawindo. Zoona. Ndinaganiza kuti ndi changa.

Ndipo kumayambiriro kuja amafunsa anthu mumsewu, wina akuti azipita kwawo, wina akuti akutidyera ndalama za boma, wina akuti akuba. Mawu omwewo aise, omwe timawamva mu taxi tikangolakwitsa kutchula malo otsikira. Kumene iwo akuti prawn inu ikanipo kwerekwere, dzina lonyoza lija amatitchula alendo kuno, muone ngati chiganizo chisinthe. Dzina lenilenilo la filimu likukumbutsa District Six ya ku Cape Town kumene anthu anasamutsidwa mokakamiza nthawi ya tsankho, ndiye eni dziko amaionera nkumaona mbiri yawo. Ine ndinaona Loweruka langa.

Sindikuti ndi yabwino yonse ayi. Mmene anawaonetsera anthu a ku Nigeria mmenemo, ngati zigawenga zodya anthu, zinandikhumudwitsa, ndipo boma la Nigeria linakwiya nkuuza ma cinema akwawo kuti asiye kuionetsa. Anali ndi chifukwa. Ukupanga filimu yodzudzula kusala alendo, nkusalanso alendo ena mkati momwemo, zimenezo ndi ziti? Koma pamene Wikus wathiridwa timadzi takuda tija, dzanja nkuyamba kusanduka, zikhadabo kuthothoka, anzake omwe ankadya nawo keke nkuyamba kumusaka, apongozi ake enieni kumugulitsa, iye nkuthawira kwa omwe ankawasamutsa aja kukapempha pogona, pamenepo ndinati eya.

Ndipo apa ndilankhule ndi a Malawi anzanga, mundimvere bwinobwino. Alipo ena pakati pathu akangopeza pepala, kaya anakwatira konkuno, kaya analipeza bwanji sitifunsa, basi amasanduka ma Wikus. Chichewa chaiwalika, mukakumana mu shopu akuyankha m'chi Zulu chothyokathyoka, ukawapempha kuti andilumikizeko ndi ganyu akuti inu anthu opanda mapepala mumativutitsa. Inu anthu! Iwe unabwera pa basi yomweyi, unagona pa Beitbridge pa katoni ngati ife, unadutsa Tete thukuta lili kamukamu ndi botolo limodzi la madzi. Ena mpaka ndi amene amaloza zitseko, uyu ali umu, uyu ali umu, chifukwa cha ngongole ya R200 kapena nkhani ya mkazi. Pepala limatha achimwene. Lili ndi deti. Tsiku limene lidzathe udzagogoda pa chitseko cha yani? Ndipo tsiku limene anthu akwiya mumsewu safunsa pepala, amangomva kalankhulidwe. Tinaziona mu 2008, tinazionanso mu 2015, mabasi kunyamula anthu kubwerera kumudzi ndi jumbo imodzi. Ndiye mnzako akagwa mutole, olo airtime ya R10, olo kungouza abale ake kumudzi kuti ali moyo. Sizifuna permit zimenezo.

Mxii, ndakwiya ndaiwala kumene ndinali. Eya, abwana. Lolemba nditalephera kupita kuntchito ndinawatumizira meseji kuti bwana kuno kwavuta, akudziwa bwinobwino chimene chavuta chifukwa ndi iwo omwe amakonda ife osalembetsa. Yankho lake akuti no work no pay, ndipo adula masiku atatu pomwe Lamlungu sindigwira nkomwe. Zaka zinayi ndikuwasamalira garden, agalu awo amandidziwa kuposa ana awo. Basi tiyeni nazoni.

Usiku wa Lamlungu ndiye ndinalakwitsa, ndinatsegula The Boy Who Harnessed the Wind. Ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, inatuluka 2019. Poyamba ndinkaseka, chifukwa Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, amene akusewera ngati bambo ake a William komanso ndi amene anatsogolera filimuyo, abale inu, chimamveka ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga chotentha. Mnyamata wosewera William ndi wa ku Kenya. Ukamva Lily Banda walankhula ndiye khutu limapuma, umati eya uyu ndi wathu. Ndinkati bwanji sanangotenga ana a kwathu onse, alipo ambirimbiri odziwa sewero. Komabe bamboyo anayesetsa, anakajambula ku Kasungu komweko osati kumanga mudzi wabodza kwina, ndimupatse zake.

Kuseka kunatha pamene njala yafika. Fumbi lija, minda youma, anthu kuthamangira galimoto ya chimanga, kukanganirana pamzere, banja kuyamba kudya kamodzi patsiku nkumakambirana kuti tidye nthawi yanji. Ine 2002 ndinali mwana wa sitandade 4, ndikukumbuka mayi anga akusefa gaga kawiri kuti aoneke ngati ufa, nsima yake yakuda yowawa, ife kumadya osayang'anana. Ndikukumbuka anthu akukumba zitsa za nthochi. Ndiye pamene Khamba, galu wa William mufilimumo, wafa, aise, ine bambo wa ana awiri ndinalira ngati wamasiye, ndekha, m'chipinda cha R1,500 ku Rosettenville. Gule atatulukira pamaliro paja ndinamva fungo la kwathu, fumbi la October, utsi wa nkhuni. Ndinafuna kuimbira mayi koma inali 1 koloko usiku, akanaganiza kuti ndagwidwa.

Ndipo mwana uja anapanga magetsi ndi dayinamo ya njinga ndi zitsulo za kudzala, atathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi. M'Malawi ameneyo! Tikamakuuzani kuti ife tili ndi mitu muzimva. Kuno amationa ngati odziwa kutchetcha kapinga ndi kuchapa basi, koma ndani amakonza gate motor ya abwana ikafa? Ndani anawalumikizira inverter nthawi ya load shedding? Ndine, wa sitandade 8 yemweyu, ndipo sanandiwonjezere olo R50.

Za ku Nigeria zilimo zambiri koma zonse ndi part 1, part 2 yake kulibe, ndiye sindikudziwa ngati mayi wopeza uja anaululika kapena ayi. Mjomba ameneyu!

Wandiimbira lero m'mawa, nambala yachilendo. Ali ku Lindela, kumene amasunga alendo ogwidwa asanawabweze kwawo, akuti ali bwino, akungodikira tsiku la basi, kuzizira kokha usiku poti anapita ndi malaya amodzi. Tasonkherana pa yard pano, juzi ndi nsapato zipita mawa ndi mlongo wina amene mapepala ake ali bho, makina ake osokera ndawasunga ine pansi pa bedi landilodi asawaone. Amene mumamudziwa ndipo muli ndi kangachepe mundipeze pa WhatsApp. Ndiye tikumaliza kulankhula, airtime ikutha, ndikuti mjomba pali china? Akuti achimwene flash yanga ija musaifomate, muli ya Jet Li sindinaimalize.

Ndiye ndaisiya pomwepo, sindiionera. Ndikagone, mawa 5 koloko ndili pa rank.