Dzanja linathawa ndisanalire

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo, a ku Mbare, Highfield, Mufakose mu mzinda wa Harare, ndi inu amene mukuwerenga muli m'kombi.

Dzulo m'mamawa magetsi kunalibe, ndiye ndinakoleza mbaula kuti nditereke madzi a tiyi. Mumdimamo ndinagwira chigwiriro cha poto chomwe moto unali utachinyambita. Dzanja linalumpha lokha, "mayo ine!" anachita kubwera pambuyo. Ndi mmene Mulungu anatiumbira: uthenga wa kutentha ukangofika pa mtsempha waukulu wa mumsana, lamulo limabwerera pomwepo kuti dzanja lichoke, ubongo usanamve n'komwe. Kenako ululu umafika pawiri. Woyamba ndi wobaya, wa liwiro. Wachiwiri ndi wonyeka uja, amene anandisowetsa mtendere mpaka masana. Wachiwiriwu umakwawa pafupifupi mita imodzi pa sekondi. Pakhungupa pali alonda ang'onoang'ono amene amakuwa kutentha kukafika cha m'madigiri 43, ndipo tsabola wa kambuzi amaputa alonda omwewo, n'chifukwa chake timati akuwotcha. David Julius, amene anawatulukira pogwiritsa ntchito tsabola, analandira mphoto ya Nobel mu 2021.

Ndikuuzira chala ndinadandaula kuti bwenzi ululu kulibe. Koma ndinakumbukira dokotala Paul Brand, amene ankathandiza odwala khate ku Vellore, m'dziko la India. Anthu ankati khate limadya zala. Iye anapeza kuti kwenikweni limapha mitsempha yomvera. Munthu amayenda tsiku lonse nsapato ikumudya, amagwira chotentha osachitaya, usiku makoswe n'kumuluma ali mtulo, mpaka chala kutha. Iye ankati ululu ndi mphatso. Inu a matenda a shuga, nkhani yake ndi yomweyi, muziyang'ana kumapazi madzulo alionse.

Pa 1 Timoteo 4:2 Paulo akunena za anthu amene chikumbumtima chawo chinapsa ngati chootchedwa ndi chitsulo chamoto. Aliyense amene ali ndi chipsera chachikulu akudziwa: ukachitsina sichimva bwino. Bodza loyamba linatilanda tulo. Lachikhumi tinagona mpaka kuliza mkonono, n'kumati tapeza mtendere. Ayi abale, kumeneko ndi kuchita dzanzi.

Sindikunena kuti dzino likamawawa muzingopirira. Pitani kuchipatala, mlonda akakuwa amafuna munthu atuluke. Chimodzimodzi mtima. Ngati mwadzuka china chake chikukubayani, mawu amene munalankhula, ndalama ya mwini imene simunabweze, musachigoneke ndi phokoso la wailesi. Mitsempha ya mtima wanu ikadali yamoyo.

Ambuye, musalole kuti tichite dzanzi. Amen.

Ineyo pali mayi wina amene ndinamuyankha mwachipongwe Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, ndipo chakhala chikundinyeka kuposa chalachi. Ndimuimbira tiyiyu asanazizire.