Wodwala Wobisidwa Kuseri kwa Nyumba, Boma Silimuwerenga

(Zimene namwino wa matenda a maganizo anayankhula pabwalo la a gulupu kufupi ndi Tsangano, m'boma la Ntcheu)

Zikomo a gulupu, mafumu nonse, atsogoleri a mipingo, amayi ndi abambo. Anyamata a kabaza mwaima kumbuyoko, tsikani panjingapo musendere kuno, nkhaniyi ikukukhudzani kuposa wina aliyense.

Chimene chatisonkhanitsa mukuchidziwa. Masabata awiri apitawa tinaika m'manda mwana wathu, bambo wa ana atatu, mlimi wa kachewere amene tonse tinkamuona akukweza matumba pamsewu apa. Dzina sinditchula, abale ake ali pompano ndipo misozi sinaume. Pasiwa paja ndinamva manong'onong'o. Ena akuti ndi ngongole ya feteleza, ena akuti anamulodza chifukwa munda wake unkabereka. Koma mlamu wake anandiuza zimene zandisowetsa tulo. Akuti kwa miyezi itatu munthuyu sankagona, nsima ankangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, kubawo anasiya, kutchalitchi anasiya. Miyezi itatu! Ife tonse n'kumangoti, "Ndi mwamuna ameneyo, alimba mtima."

Amene aja anali matenda, abale anga. Matenda ovutika maganizo, ndipo amachizika monga mmene timathandizira wa shuga kapena wa BP. Tikamva zoti matenda a maganizo timangoganiza za wamisala wotola mapepala pa Lizulu. Ayi. Mayi amene wangobereka kumene koma akungolira, mwana sakufuna kumuyamwitsa, ameneyo akudwala. Mnyamata amene chamba ndi kachasu zamusokoneza mpaka akuyankhula yekha, akudwala. Musamumange, musamubise, bwerani naye kuchipatala. Mawu amenewa ndiwabwereza mpaka mutope nane.

Chaka chatha ndinalowa m'nyumba ina, sinena mudzi. Ndinapeza mtsikana atamangidwa chingwe cha ng'ombe kumwendo, m'kachipinda kosungira makasu. Amayi ake sanali ankhanza ayi, anali otopa, ndipo ankaopa kuti akadziwika, ang'ono ake sadzakwatiwa. Mbuzi ziwiri zinali zitathera kwa asing'anga. Tinamuyambitsa jekeseni wa pamwezi. Lero akugulitsa tomato ndi kabichi, ndipo ena mwa inu munagulapo kwa iye osadziwa.

Tsopano za ndalama, chifukwa ndikudziwa kuti m'mitima mwanu mukuti, "Tikabwera naye, mankhwalawo tikawapeza?" Funso labwino. Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa anakumana ku Abuja, ku Nigeria, n'kulonjeza kuti pa K100 iliyonse ya bajeti ya boma, K15 izipita ku zaumoyo. Lonjezo limeneli mayiko ambiri akuvutika kulikwaniritsa. Ndiye pa kochepa kamene kafika ku zaumoyoko, bungwe la WHO linapeza kuti padziko lonse maboma amapatula pafupifupi K2 yokha pa K100 kuti ithandize matenda a maganizo. Kwathu kuno chipatala chachikulu cha boma cha matendawa ndi chimodzi, Zomba Mental. Kuchoka pano udutse Ntcheu boma, Balaka, Liwonde, ndiye ukafike. A St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kwinaku ntchito yonse ili m'manja mwa anamwino ndi madokotala ochepa a m'zipatala za maboma.

Mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Ndalama ya boma imatsata kaundula. Mwezi ukatha timawerenga anthu amene tawaona, malipoti amapita kuboma, kuchoka apo ku unduna, ndipo mankhwala amene timaitanitsa ku Central Medical Stores amayenderana ndi manambala omwewo. Ngati m'dera lino muli odwala makumi angapo koma m'buku mwanga mwalembedwa atatu, akuluakulu akamagawa ndalama amaona atatu. Wodwala wobisidwa kuseri kwa nyumba, boma silimuwerenga. Ukabisa matenda, maliro adzaulula. Akuluakulu ananena kale, ndipo taziona ndi maso masabata awiri apitawa.

N'chifukwa chake zinandipweteka nditamva kuti mwezi watha ana a sukulu ya ukachenjede amene anabwera ndi matabuleti kudzafunsa za umoyo munawathamangitsa, ati ndi anamapopa. Amayi a kumpoto kwa mtsinje, mukuyang'ana pansi, ndikukuonani. Mukukumbukira mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe mphekesera zomwezi zinaphetsa anthu osalakwa, ndipo ogwira ntchito zachitukuko ena anachoka m'maderawo.

(Bambo wina wachikulire anaimirira: "Pepani adokotala, ndikuduleni. Ofufuzawa amabwera, kutifunsa mafunso, kukwera galimoto, basi. Ndalama amadya okha ku Lilongwe. Nanga foni ingachize bwanji munthu wozungulira mutu?")

Zikomo bambo anga, khalani pansi, mwafunsira anthu ambiri. Sindikutsutsani zonse. Zoona, pali ofufuza amene amatenga mayankho athu osabweranso kudzatiuza zimene anapeza, ndipo chimenecho n'cholakwa. Muli ndi ufulu. Wofufuza weniweni amayamba wafika kwa amfumu, amakhala ndi kalata yochokera ku ofesi ya zaumoyo ya boma lino, ndipo kafukufuku wake amakhala atavomerezedwa ndi komiti yoona za kafukufuku, ya ku unduna kapena ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Amakuwerengerani chikalata m'Chichewa musanavomere. Mukakana, palibe amene angakumanireni mankhwala kuchipatala. Ndipo mufunseni pamaso pa amfumu kuti, "Zotsatira mudzatiuza liti?" Kufunsa kumeneko ndi kwabwino. Kugenda miyala ndiye ayi.

Koma kuti kafukufuku alibe phindu, pamenepo bambo ndikukanirani mwaulemu. Ku Zimbabwe kuli dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda. Ataona kuti madokotala ngati iye ndi owerengeka, mu 2006 anayamba kuphunzitsa agogo aakazi ku Mbare, mu Harare, kuti azikhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi. Kumeneko matendawa amawatcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, monga timanenera ifenso. Ndi ndalama zochokera ku boma la Canada anachita kafukufuku pa anthu 573 m'zipatala 24, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2016. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene anakhala pabenchi paja, pafupifupi 14 pa 100 ndi amene anali akuvutikabe maganizo, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi 50 pa 100. Agogo, bambo! Ngati amene akhala pamphasa apowa. Popanda kuwerenga kumene kuja, ndani akanakhulupirira? Lero njira imeneyi yafika m'mayiko ena, ndi kuno ku Malawi komwe.

Za foni, foni sibaya jekeseni, zimenezo n'zoona. Koma taganizani nthawi ya dzinja, msewu wa Tsanganowu ukaterera, mayi ali ndi wodwala usiku. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ngati kuyesa chabe kwa anansi athu ku Balaka mu 2011. Anthu anawerenga, anaona kuti chikuthandiza, chinafalikira dziko lonse, ndipo pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Mumaimba osadula mayunitsi, amayankha ndi azaumoyo, amakulangizani ndi kukuuzani ngati mukuyenera kuthamangira kuchipatala. Vuto lathu kuno ndi netiweki, mafoni amangothawira ku Mozambique, ena mpaka kukwera pachulu. Zimenezonso ofufuza ayenera kuzimva kuchokera pakamwa panu, apo ayi adzakonza zinthu zoyenera anthu a mu Area 47 ku Lilongwe. Mukawathamangitsa, adzalemba za kwina, ndipo thandizo lidzapita kwinako.

Ndaona amayi ayamba kumanga ana kumsana, ndipo mtambo uwo sukundisangalatsa. Ndithamange.

Munthu akasintha khalidwe kupitirira masabata awiri, sakugona, sakudya, akudzipatula, khalani naye pansi mumufunse. Akanena mawu oti "bola kufa" kapena "ana anga mudzawasamale", musaseke, musamukalipire, ndipo musamusiye yekha ngakhale pang'ono. Mankhwala a mbewu ndi a makoswe achotseni m'nyumbamo, akasungidwe kwa ena. Uzani alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu tsiku lomwelo, mubwere naye ndi buku lake lakuchipatala. Kupemphera pempherani, koma mankhwala asasiye, ngakhale akuoneka kuti wachira. Akakhunyu chimodzimodzi, ndipo khunyu sapatsirana, mugwireni asagwere pamoto. Mukapeza mankhwala atha, musangobwerera chamumtima. Uzani komiti ya pachipatala ilembe. A komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), mukamatumiza zofuna za mudzi ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC), pambali pa mjigo ndi mlatho lembaniponso kiliniki yoyendayenda ya matenda a maganizo, ndipo khansala ndi phungu wathu muziwafunsa za bajeti imeneyi isanayambe pa 1 Epulo.

Musamumange, musamubise, bwerani naye. Amene muli ndi wodwala kunyumba ndipo simukufuna kuyankhula pagulu, ndikhala kuseri kwa tchalitchi mpaka mvula itandithamangitsa. A gulupu, bwalo ndabweza.